Waya Wopsa wa a Mhango

Mwezi wakwana tsopano chiwaikire m'manda a Mhango, fundi wa magetsi a njinga zamoto pano pa Uliwa, koma mawu ena amene ananenedwa pamaliro pawo akundikanikabe kumeza. Anaimirira mkulu wa anyamata a kabaza, chipewa chili m'manja, n'kuuza khamu lonse kuti pa njinga zimene malemuwa anaziika nyali, palibe ngakhale imodzi imene inapsa. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Ine maso anga anapita kwa Yotamu, mwana wawo woyamba. Anali atakhala pansi kumapeto kwa chisakasa, mwendo wake wolumala atauwongola, akulemba mizere pamchenga ndi kamtengo. Sanatukule mutu.

Amati wakufa sanenedwa, ndikudziwa. Koma mlandu suola, ndipo wa Yotamu watha zaka zisanu ndi chimodzi uli lende pamsomali, pakhoma lomwe ndimatsamira posoka.

Ine ndine telala, kwathu ndi ku Ntcheu. Nditafika kuno ndi makina anga, Che Saidi, mwini sitolo wochokera ku Mangochi, anandipatsa mbali ya kumanzere ya khonde lake. Kumanja ndinapeza kuli kale a Mhango. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kundiuza m'Chichewa chawo cholemedwa ndi Chitumbuka kuti nsalu zanga zisamadutse mng'alu wa pasimenti umene unali pakati pathu. Tinakhala moyandikana choncho zaka khumi ndi zinayi, ndipo mng'aluwo sindinkaudumpha popanda kuitanidwa.

Anali munthu wamfupi, wouma ngati usipa wa pathandala. Pakhosi ankavala kababu kokhala ndi mawaya awiri, koyesera ngati moto ukuyenda, ndipo anthu onyogodola ankati ndiyo korona yawo. Chodabwitsa n'chakuti njinga yamoto sanaikwerepo m'moyo wawo wonse. Ankabwera pa njinga yakapalasa yopanda ngakhale belu. Ukawafunsa ankayankha kuti amadziwa zambiri za m'mimba mwa njinga zamoto moti sangapusitsidwe kuikapo matako.

Wakabaza akafika kudzaikitsa nyali zowonjezera, chaja ya foni kapena sipika, a Mhango sankamulonjera. Ankayamba ndi kununkhiza njingayo, mphuno pafupi ndi thanki, kenako n'kuchotsa mpando. Akapeza mawaya olumikizidwa ndi munthu wina ankawadula ndi pulayala osafunsa, n'kuwaponya pamsewu kuti mwini wake akatole yekha malole akudutsa. Pabenchi pawo sankalola munthu kukhala. Mwini njinga ankaima padzuwa ataigwira mpaka ntchito ithe, kwinaku akumva mbiri ya uchitsiru wake, wa bambo ake ndi wa amene anamugulitsa njingayo. Ndinaonapo mwamuna wandevu zake, bambo wa ana anayi, akupukuta misozi ndi golovesi.

Koma ankabwerabe mawa lake. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yawo a Mhango ankaidziwa. Waya wochokera ku batire ankamuika fyuzi pompo, pamtunda wosapitirira chala chimodzi. Ankamudutsitsa pa rile kuti nyali zizizima ukachotsa kiyi, n'kumuyendetsa motsatira chitsulo cha njinga, kutali ndi injini yotentha komanso ndi milomo yakuthwa ya thanki. Akatero ankakhotetsa chiwongolero uku ndi uku mpaka kumapeto, kuona ngati waya sakukokeka. Tepi sankaikhulupirira, ankati dzuwa la ku Karonga limaimatula pasanathe mwezi. Polumikiza paliponse ankapota mawaya, kukulunga ndi mphira ya chubu, n'kumanga ndi ulusi wofiira, mfundo yozungulira katatu. Ulusiwo unali wanga. Ankangotambasula dzanja kudutsa mng'alu uja osandiyang'ana, ine n'kuikamo.

Pomaliza ankalowetsa njinga m'kanjira kamdima ka pakati pa sitolo ndi nyumba yosungira katundu, kumene anajambula mzere wa makala pakhoma. Kuwala kwa nyali kukakwera pamwamba pa mzerewo ankaziweramitsa, chifukwa nyali yothobwa mnzako m'maso ankati ndi mpeni. Wina wochokera ku malire a Tanzania anafuna nyali zabuluu zophethira ngati za apolisi, zisanu ndi zitatu pa njinga imodzi. A Mhango anamufunsa ngati akufuna kunyamula anthu kapena kutsegula bala, n'kumuuza atuluke pakhonde. Wapolisi wina amene anabwera ndi njinga yake ya kunyumba anaimitsidwa padzuwa ngati wina aliyense.

Chiphunzitso chawo chachikulu chinali fyuzi. Ankati batire ndi galu wolusa ndipo fyuzi ndiye unyolo wake. Ankatinso m'njinga iliyonse muyenera kukhala kanthu kamodzi kakang'ono kovomera kupsa kuti zina zonse zipulumuke. Munthu amene fyuzi ikapsa amalumikiza ndi waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kwa iwo anali mfiti yodzilodza yokha. Ndipo akafika pamenepa ankatembenuka n'kuloza pakhoma ndi pulayala.

Pamenepo, pamsomali, panali waya wopsa wotalika ngati mkono, mphira yake itasungunuka n'kuuma makwinyamakwinya. Aliyense wobwera koyamba ankaonetsedwa. Ankamuuza kuti uyu ndi waya wa Yotamu, mwana wawo womubereka okha, amene anamuikira nyali bwinobwino ndi fyuzi yake, koma fyuziyo itapsa anaopa kubwerera kwa bambo ake, n'kupita kwa amakaniko a kutsidya kwa msewu kuti amulumikizire ndi waya. Nkhaniyi ankainena mofanana nthawi zonse, mawu ake osasintha, ngati pemphero loloweza.

Tsiku lina akuinena, Yotamu mwini wake anatulukira pamsewu akutsimphina, dengu la usipa la munthu wina lili paphewa. Ndinaganiza kuti asiya. M'malo mwake anakweza mawu.

"Iwe Yotamu! Zanga kuno. Bwera udzawaonetse anzako."

Yotamu anaima. "Adada, ndikuthamangira minibasi."

"Minibasi idikira. Pinda buluku."

Panali akabaza asanu pakhonde. Yotamu anatula dengu pansi, anawerama, n'kupinda buluku mpaka m'bondo. Khungu la mwendowo linali lonyezimira, lokokana, malo ena loyera ngati la nkhumba. Mmodzi wa akabaza aja anayang'ana kumbali.

"Mwaona? Chindere chikumalira nthena," anatero a Mhango, kenako n'kubwereza m'Chichewa kuti nanenso ndimve. "Chitsiru chimathera pamenepa. Tsitsa, uzipita."

Ine ndinapondaponda makina mwamphamvu ngakhale kuti pansi pa singano panalibe nsalu. Ndinachita manyazi ngati wapinda buluku ndine.

Za amakaniko a kutsidya aja, udani wawo ndi a Mhango unayamba kale ngozi isanachitike. Anali amuna awiri apachibale amene anatsegula galaja moyang'anizana nafe, otchipa komanso oseka ndi makasitomala. Mwezi wawo woyamba, wamkulu wa iwo anawoloka msewu mwaulemu kudzabwereka kababu koyesera kaja. A Mhango anamuyankha kuti kababu kawo sikagwiridwa ndi manja opha njinga. Kuchokera tsiku limenelo analumbira pamaso pa Che Saidi kuti phazi lawo silidzaponda tsidya lija, ndipo ngakhale mandasi ogulitsidwa mbali imeneyo anasiya kudya. Ngozi itachitika, abale awiriwo analumbira mpaka kutchula manda a mayi awo kuti njinga ya Yotamu sanaigwirepo. Ndani akanawamvera, pamene wonena zina anali a Mhango? Pasanathe chaka anasamukira kwina.

Yotamu ngozi isanamugwere anali munthu wodziimira payekha, wazaka zopitirira makumi atatu, ndi mkazi ndi ana awiri. Njinga anaigula ndi thukuta lake, ndipo ankanyamula usipa kuchokera ku Sangilo kufikitsa pamsewu waukulu. Nyengo ya usipa itayandikira anafuna nyali ziwiri zowonjezera zoonera mabampu a msewu wafumbi uja akamalawira. Anabwera nayo kwa bambo ake Lolemba. Ine tsiku limenelo ndinali ku Boma kukagula nsalu za mayunifolomu.

Lachinayi masana dzuwa lili paliwombo, akukwera kuchokera ku Sangilo ndi madengu awiri akuluakulu kumbuyo, waya wa nyali zatsopano anakhudza chitsulo pansi pa thanki. Pakanakhala fyuzi, ikanangoti thi, nyali n'kuzima, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma waya anafiira yense, mphira inayaka, moto n'kupeza petulo wodontha pa kampopi. Madengu aja anamutsekera njira yodumphira kumbuyo. Anagwa nayo njinga, mwendo uli pansi pake. Anamupulumutsa ndi azimayi ochokera kotola nkhuni, amene anathira mchenga ndi manja mpaka moto unazima.

Uthenga utafika pakhonde, a Mhango anamaliza kaye kumanga mfundo imene anali nayo m'manja. Kenako anakwera njinga yawo yakapalasa. Tonse tinkaganiza kuti akuthamangira kuchipatala, kumene mkazi wawo NyaGondwe anali atafika kale akulira. Ayi ndithu, anapita pamene panagwera njinga. Anabwerako madzulo ndi waya uja m'thumba la shati, anapempha msomali kwa Che Saidi, n'kumukhomera pakhoma. Kuchipatala anakapondako patatha masabata awiri, ndipo NyaGondwe anandiuza kuti anaima pakhomo la wodi osalowa.

Yotamu anatuluka patatha miyezi itatu, wopanda njinga, wopanda mphamvu yolizira ina. Koma chimene chinamupha ali moyo si mwendo. Linali dzina. Pa Uliwa ponse, wakabaza akachita chopusa ankamutcha Yotamu. Anapempha ntchito yoyang'anira injini ya boti ku Sangilo, mwini boti n'kumuseka kuti safuna moto panyanja. Mkazi wake anapirira chaka chimodzi. Anatopa ndi kulozedwa pachigayo, anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Iponga. Yotamu anatsala akuyanika ndi kusenza usipa wa anthu ena, ndipo njira yake ya tsiku ndi tsiku inkadutsa kutsogolo kwa khonde lathu. Nthawi iliyonse akafika pamenepo ankachepetsa liwiro.

Chimene ndinaona ine ndinachiona mosayembekezera, chaka chachiwiri chichitikire ngoziyo. Mphepo inaulutsa kansalu kanga n'kukakodwa pamsomali uja, a Mhango atapita kukadya. Ndinadumpha mng'alu. Ndikuchotsa kansaluko, maso anga anagwera kumapeto kwa waya, pamene pamayenera kukhala fyuzi. Panali kachidutswa ka waya kolumikiza mbali ziwirizo, kokulungidwa ndi mphira ya chubu yosungunuka theka. Pamphirapo panali mfundo yozungulira katatu. Kunja inali yakuda ndi utsi, koma nditaikanda ndi chikhadabo, m'kati mwake munaoneka kufiira. Telala sangasokonezeke ndi ulusi wake.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti sabata ya ngozi ija a Mhango ankabweza akabaza chifukwa chitini chawo cha mafyuzi chinali chitauma, ndipo wobweretsa zipangizo kuchokera ku Boma anali atachedwa. Kutsidya kwa msewu mafyuzi analipo, ataunjikidwa m'botolo pawindo. Panali mapazi makumi awiri okha.

Ndinadikira mpaka tsiku lina mvula itathamangitsa anthu onse pakhonde. Ndinalankhula osawayang'ana.

"A Mhango, ulusi uli pa waya uyo ndi wanga."

Anapitiriza kusenda waya amene anali naye. Ndinaganiza kuti sanamve chifukwa cha phokoso la malata.

"Ulusi wanu, a telala, uli pa theka la njinga za pa Uliwa," anatero pambuyo pake. "Anyamata aja amalola fyuzi chifukwa anena ndi Mhango. Mawa amve kuti Mhango nayenso analumikizapo ndi waya, muona. Aliyense azidzaika kapepala ka fodya. Mudzasoka nsalu za maliro zingati?"

"Koma Yotamu si fyuzi. Ndi mwana wanu."

Anaika pulayala pansi pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chifikire changa pakhondepo.

"Yayi. Ameneyo anapsa kale. Imwe sokani malaya."

Ndipo ndinasokadi malaya. Apa m'pamene ndimadzida. Ndinali mlendo, khonde linali la mwini wake, a Mhango anali ndi mawu pa Uliwa, ndipo ndinadziuza kuti za bambo ndi mwana wake mlendo salowerera. Zifukwa ndinali nazo zokwana dengu, koma zoona zake n'zakuti ndinkawaopa. Kuchokera tsiku limenelo sanatambasulenso dzanja kudutsa mng'alu. Anayamba kugula ulusi wakuda kwa Che Saidi. Waya uja sanamutsitse, ngakhale mfundo ija sanaidule, ndipo mawa lake lomwelo ndinawamva akusimbira wakabaza watsopano nkhani ya uchitsiru wa Yotamu, mawu ake omwe aja.

Chinthu chimodzi chokha chinasintha mwa iwo ngozi itachitika, ndipo sindikudziwa ngati ndingachitche chisoni. Anayamba kugula mafyuzi ngati munthu woopa njala. Wa zipangizo akabwera, ankatenga onse amene anali nawo. Chitini chinadzaza mpaka chivundikiro kukana kutsekeka, anayamba chachiwiri, kenako chachitatu. Che Saidi anawaseka kuti akufuna kukaika nyali ndi kumwamba komwe. Sanaseke nawo.

A Mhango anadwala milungu itatu yokha, n'kumwalira. Patatha sabata chichitikire maliro, Yotamu anabwera ndi wilibala kudzatenga zipangizo za bambo ake. Ananyamula benchi, bokosi la mapulayala, zitini zitatu zija. Ine ndinamuyang'ana mpaka ndinalephera kupirira.

"A Yotamu, pali chimene ndakhala ndikukubisirani. Waya uyo..."

"Nkhumanya, a telala. Ndikudziwa." Anamangirira benchi pa wilibala osatembenuka. "Ndinagwira njinga ndine pamene ankamanga mfundoyo. Anati mafyuzi atha, ndiyende nayo choncho masiku atatu, ndibwere Lachisanu."

"Nanga bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Ndikanene kwa ndani kuti adada ndi abodza? Ndinkadikira anene okha. Ndikamadutsa pano ndinkati mwina lero andiitana." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ankandiitanadi."

Anakhala pamphepete pa khonde n'kundiuza za tsiku lomaliza. Unali m'mawa, NyaGondwe anatuma munthu ku Sangilo kuti bambo akumufuna. Anasiya usipa pathandala n'kubwera mothamanga mmene mwendo unkamulolera. Atalowa, a Mhango anauza onse atuluke, atsale awiri. Yotamu akuti anagwada pafupi ndi mphasa, mtima uli m'malo, akudziwa kuti nthawi ija yakwana. Anali atakonzeka kale kuyankha kuti palibe kanthu, adada, zinatha. Bambo ake anamugwira dzanja mwamphamvu, anamukokera pafupi, n'kumuuza kuti waya uja asadzalole munthu kumutsitsa pakhoma, chifukwa amaphunzitsa anyamata.

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi. Kenako anapempha madzi."

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Kwa a Mhango zinadyedwa ndi akulu, wopotokola m'mimba n'kukhala mwana, ndipo wamkuluyo anapita kumanda ali wokhuta. Ndinamuuza Yotamu kuti ndili wokonzeka kuima pamaso pa akabaza onse n'kunena zimene ndinaona. Anapukusa mutu. Anati anthu adzangoti telala wadikira munthu afe kuti amunamizire, ndipo mayi ake atsala ndi chinthu chimodzi chokha, dzina la mwamuna wawo. Ndinamupempha kuti atenge wayayo akaponye m'nyanja. Anamuyang'ana nthawi yaitali, manja ali m'chiuno, koma sanamukhudze. Anagwira wilibala n'kutsika nayo pamsewu, ikulira gudumu.

Mbali ya kumanja ya khonde ili pululu tsopano. Pamene panali benchi patsala mabala anayi a miyendo yake ndi chibanga cha oilo chimene Che Saidi wakolopa kawiri osachoka. M'ming'alu ya simenti mukadali tizidutswa ta mkuwa, timanyezimira dzuwa likapendeka. Mzere wa makala m'kanjira kaja wayamba kufufutika pamene mbuzi zimadzikanda. Palibe amene wabwera kudzapempha malowo, ndipo nsalu zanga, ngakhale palibe wondiletsa, sizidutsabe mng'alu.

Waya ali pomwepo pamsomali. Sabata yatha ndinatenga singano n'kumasula mfundo ija pang'ono, kuti kufiira kwa ulusi kuonekere kunja, woyang'anitsitsa aone yekha. Dzulo anaima akabaza awiri kubisala dzuwa, wina wakale, wina wongoyamba kumene. Wakaleyo analoza pakhoma ndi kiyi wa njinga, ali patali, n'kuuza mnzakeyo kuti ameneyo ndiye waya wa Yotamu, chitsiru chimene sichinamvere bambo ake. Ndinati ayandikire aone bwino mfundoyo. Anati akuidziwa kale nkhani yake, analiza njinga, n'kumapita.